Wokhuta sapanga chongo: zimene mdala wa ku Athens anaona

Mumudziwa uja wa pa mpando wakumbuyo. Basi ikalibe kuchoka pa Kulima Tower, iye waika kale foni pa loudspeaker, akamba za mamiliyoni. "Ubauze batumize lelo lamene, ine nilibe nthawi yosobela!" Basi yonse imvela, olo amene sanafune. Koma kondakita akafika pa iye, chenji ya K2 ikhala mlandu wofika mpaka pa Arcades. Mumudziwanso mai uja wa pa yadi, amene adziwa kuti wa chipinda cha kumapeto analowa nthawi yanji usiku ndiponso analowa ndi ndani, ndipo m'mawa asesela zinyalala pakhomo pa mnzake kuti aone chabe ngati adzayankha. Pali ndi mnyamata wa motoka ya maspika, amene akalowa mu komboni pakati pa usiku ana onse a mu line auka.

Anthu otele timawaweluza mwamsanga: alibe ulemu, sanaleledwe bwino, ndi matama. Mwina ndi zoona. Koma mdala wina wa ku Greece, amene anamwalila zaka pafupifupi 2,300 zapitazo, anaona chinthu china. Kwa iye chongo cha munthu ndi utsi chabe, moto uli mkati.

Dzina lake ndi Epicurus. Mau amene tifuna kumasula lelo ndi afupi, mzele umodzi. Mfundo yake ndi yakuti munthu amene mtima wake wakhazikika sadzizunza yekha, ndipo amene ali naye pafupi nawonso samva kulemela kwake. Mauwa anatulukila poyela mu 1888, atapezeka m'buku lakale lolembedwa pamanja ku library ya ku Vatican. M'bukumo muli mau afupiafupi okwana 81 a Epicurus ndi ophunzila ake, ndipo athuwa ali pa nambala 79.

Epicurus anabadwa mu 341 BC pa chilumba cha Samos, atate ake anali aphunzitsi a ana. Anaphunzitsako ku Mytilene ndi ku Lampsacus, ndipo cha mu 306 BC anakhazikika ku Athens, nagula nyumba ndi kamunda. Sukulu yake anthu anali kuitcha chabe kuti Munda. A ku Garden compound musanyade, si kwanu, olo kuti a ku Mtendere angakhale ndi pokambila. M'mundamo anali kulandila aliyense, akazi ndi akapolo omwe, chinthu chimene pa nthawiyo chinali chachilendo. Manje muganize: mpanda, mkati muli amuna ndi akazi, ndipo mwini wake aphunzitsa kuti cholinga cha moyo ndi kukondwa. Miseche inayamba pamenepo. Ati m'mundamo adya mpaka kusanza, ati zochitika usiku sizikambika. Koma amene analemba mbili yake, Diogenes Laertius, akamba kuti chakudya chawo chinali buledi ndi madzi, nthawi zina kavinyo pang'ono, ndipo mdalayo akafuna phwando anali kupempha mnzake kuti amutumizile kamphika ka chizi. Ndiye phwando limenelo. Mpaka lelo m'Chingelezi dzina lake alipatsa munthu wokonda zakudya zapamwamba. Miseche inakhala nthawi yaitali kupambana mitengo ya m'munda.

Liu lalikulu la chiphunzitso chake m'Chigiriki ndi ataraxia. Limachokela ku liu lotanthauza kuvundula, monga mmene muvundulila madzi. Inu owelenga Baibulo, muzu wa liuli ndi womwe uli mu Yohane 5 pa nkhani ya thamanda lija limene madzi ake anali kuvunduka, ndiponso mu Yohane 14 pamene Yesu akamba ndi ophunzila za mtima wovutika. So ataraxia ndi mtima wosavunduka. Amene anatungapo madzi pa chitsime cha mu komboni nthawi ya mvula adziwa chithunzi ichi. Ndowa ikafika panyumba madzi ali bii. Simuwakalipila. Muwaika pansi, muwasiya, matope atsika okha. Koma mwana akabwela ndi kamtengo kuyamba kutakasa, zonse zibwelela pamwamba, ndipo madzi otakasidwa sakhala m'ndowa mokha, agwela ndi pa nsapato za amene waima pafupi.

Apa ndiye pali mutu wa nkhani. Mau aja ali ndi mbali ziwili, ya iwe mwini ndi ya mnzako, ndipo Epicurus sanazilekanitse. Sanapeleke malamulo awili, lina lakuti khutila, lina lakuti lemekeza anzako. Anakamba ngati dokotala amene waona kuti chifuwa ndi kutentha kwa thupi zachokela pa matenda amodzi, ndipo iye mwini anali kukonda kuyelekeza nzelu ndi mankhwala. Mukawatembenuza mauwa amveka bwino kwambili: amene sangathe kusiya anzake pa mtendele ndiye kuti mkati mwake munavunduka kale. Uja wa loudspeaker sakamba ndi wa pa foni. Akamba ndi basi. Afuna anthu osamudziwa, amene adzatsika pa Northmead osamuonanso, amuvomeleze kuti nayenso ndi munthu. Akanakhala kuti adziwa kale zimenezo, foni ikanakhala kukhutu.

Nanga chimatakasa ndowa ndi chiyani? Epicurus anatchula mantha ndi zilakolako, ndipo zilakolakozo anazigawa patatu. Zoyamba ndi zachibadwa ndiponso zofunika: njala, ludzu, pogona, bulangeti mu June, mnzako wokamba naye. Izi ukazisowa thupi limva kuwawa, koma zili ndi pothela. Nsima ya kapenta ikalowa, njala yatha, ndipo olo muike mbale ina patsogolo mimba ikana. Zachiwili ndi zachibadwa koma zosafunika kwenikweni: T-bone m'malo mwa kapenta, matilesi yofewa m'malo mwa yolimba. Izi sanaziletse. Zikabwela idya, kondwa. Anachenjeza chabe kuti zisintha kakomedwe koma siziwonjezela kukhuta, ndipo tsiku limene zasowa usalile ngati wafedwa.

Zachitatu ndiye zimene zimatisoweka tulo. Izi si zachibadwa ndipo si zofunika, zimamela m'maganizo chabe. Ku Athens zitsanzo zake zinali nkhata zaulemu zoveka pamutu ndi ziboliboli zoimika pa msika kuti mzinda wonse ukuone. Kuno kwathu chiboliboli chili m'thumba: status ya WhatsApp, chithunzi cha pa Facebook patsogolo pa motoka ya eni ake, foni ya makamela atatu imene ilibe olo talk time. Vuto la zilakolako izi ndi lakuti zilibe pansi. Njala ya nsima ili ndi mbale yomaliza. Njala yakuti anthu akuone ilibe, chifukwa nthawi zonse pali wina amene aonedwa kupambana iwe. Ukagula Vitz, mnzako wagula Mark X. Ukasamukila ku Chalala, msuweni wako ali ku Ibex. Epicurus anakamba kuti mimba timainamizila, yosakhuta si mimba koma maganizo athu okhudza mimbayo. Makolo athu anaona zomwezo pa pusi uja wa ichi chakoma ichi chakoma, amene anagwa chagada.

Manje onani chinthu chimodzi chimene ine ndiona kuti ndiye mfundo yomanga mbali ziwili zija. Chilakolako choyamba ungachikhutilitse wekha, chitseko chotseka, palibe amene adziwa. Nsima siifuna mboni. Koma chachitatu sichingakhale popanda openyelela. Maspika a motoka alibe nchito m'tchire, afunika mawindo a anthu ogona. Suti ya K5,000 ikhala nsalu chabe ngati palibe amene afunsa mtengo. Ndiye munthu wa njala yachitatu, afune asafune, ayenela kubweleka maso, makutu, nthawi ndi ndalama za anthu ena kuti adye. Mtendele wa anzake ndiye ndiwo zake. Sikuti ndi woipa mtima kupambana ife tonse. Chakudya chimene afuna chili m'nyumba za ena, ndiye chifukwa chake agogoda nthawi zonse.

Tengani mtsikana wina amene akonzekela kitchen party. Mwambo wokha ndi wabwino, palibe amene akana. Azimai asonkhana, aphunzitsa, apatsa mapoto. Koma mnzake wa ku nchito anachita yake chaka chatha pa lodge, ndi matenti oyela, keke ya masitepe anayi. Kuyambila tsiku lija ndowa inavunduka. Apanga group, aikamo anthu amene anakambana nawo komaliza ku Grade 9. "Ba committee, chitenge ni K350, contribution ni K500, deadline ni month end, osaibala." Amene wachedwa dzina lake liikidwa pa list yopanda tick kuti onse aone. Mlongo wake amene agulitsa salaula ku City Market achotsa pa capital kuopa manyazi. Amake akongola. Tsiku lifika, zithunzi zituluka bwino, anthu alemba kuti wow. Koma muwelenge anthu amene sanagone bwino miyezi itatu chifukwa cha maola asanu aja. Ndipo mwini wake nayenso sanagone, kaili usiku anali kuyang'ana zithunzi za mnzake uja, kuwelenga mipando.

Pamene zifika poipa ndi pa kaloba. Mnyamata agwila nchito mu shop pa Cairo Road, malipilo ake akwanila rent, unga ndi transport, potsala pang'ono. Afuna foni imene anzake ali nayo. Akongola K1,000 kuti abweze K1,500 pa month end. Month end ifika, rent nayo ifika. Akongola kwina kuti atseke uku. Mwezi wachitatu alowa chilimba, apempha kuti akhale woyamba kulandila, alandila, asowa. Manje azimai asanu amene anali kuyembekeza turn yawo kuti alipile za ana asukulu ayenda kumufuna. Amake ku Chipata alandila mafoni a anthu osawadziwa. Mnzake amene anamusainila ngati mboni atengeledwa TV. Foni ija ndi imodzi, koma nyumba zimene yalowa ndi zisanu ndi ziwili. Akuti Epicurus analangiza mnzake wina kuti ngati afuna kulemeletsa mnyamata dzina lake Pythocles, asamuwonjezele ndalama koma amuchepetsele zofuna. Kale ndinali kumva anthu akuseka malangizo otele kuti ndi a anthu aulesi. Koma muikepo masamu: amene alandila K3,000 nafuna za K2,800 ali ndi chenji, amene alandila K30,000 nafuna za K40,000 ali ndi nkhongole.

Mai uja wosesela zinyalala pakhomo pa mnzake, nkhani yake ndi yomweyo koma yoyenda chobwelela. Iye safuna kuonedwa, afuna kuona. Fungo la nkhuku likachoka m'chipinda cha kumapeto pakati pa mwezi, mtima wake uyamba masamu: azipeza kuti ndalama, amene alibe mwamuna? Nkhuku ija sinachotse kalikonse m'mbale yake. Chibwabwa chake chikoma monga dzulo. Koma sangachimve kukoma chifukwa lilime lake lili m'poto ya wina. Madzulo nkhani yafika pa pompi, mawa yafika ku tchalitchi, ndipo mtsikana amene anagula nkhuku ndi ndalama ya overtime ayamba kuphika chitseko chotseka.

Epicurus anali ndi kamvedwe kake ka chilungamo kamene kagwilizana ndi zonsezi. Kwa iye chilungamo si chinthu chogwa kumwamba. Ndi pangano la anthu okhala pamodzi lakuti ine sindidzakupweteka, iwenso usandipweteke, chifukwa tonse tipindula. Amene anakhalapo pa yadi ya mabanja asanu ndi limodzi, pompi imodzi, toilet imodzi ndi meter imodzi safunika kumasulilidwa. Mugwilizana kuti ma units tisonkha mofanana, malaiti ndi a mababu, TV ndi kuchajila mafoni, kuphika ndi pa mbaula. Palibe pepala, palibe loya. Pangano ligwila chifukwa aliyense afuna kugona podziwa kuti mnzake samudyela. Ndiye pabwela mmodzi wa nzelu zambili, abisa two-plate pansi pa bedi, aphika nyemba usiku. Ma units a mwezi atha pa 18. Yadi yonse iyamba kuyang'anana ndi diso lofiila, ndi osalakwa omwe.

Munganene kuti wa two-plate wapambana, wadya nyemba za ulele. Epicurus akana, ndipo chifukwa chake n'chosangalatsa. Sanamuopseze ndi moto wa kumwamba, pakuti iye sanali kukhulupilila kuti milungu imalanga anthu. Anati chilango cha wolakwa mobisa ndi chakuti sangakhale wotsimikiza kuti sadzagwidwa, olo apulumuke kambilimbili, mpaka tsiku la imfa. Ba landlord akagogoda, mtima uli phaa, akankhila stove pansi pa bedi ikali yotentha. Mwana wake akayamba kukamba pa pompi, amutseka pakamwa. Mnyamata wa chilimba uja wasintha SIM kawili, nambala yachilendo ikalila aiyang'ana ngati njoka, ndipo kuchoka ku town apita njila yozungulila kuopa kantemba kena. Palibe wapolisi amene wamugwila. Adzisunga yekha m'cell, ndipo rent yake alipila tsiku lililonse. Mlandu suola, koma amene aununkhiza poyamba ndi mwini wake.

Manje tiyeni tikambe zimene ena a inu muganiza muli pa mzele wa basi. Kukhutila n'kosavuta kukamba ukakhala ndi munda. Ndipo n'zoona. Diogenes Laertius akamba kuti munda uja unagulidwa ndi ndalama zokwana ma mina 80. Mina imodzi inali madrakima 100, ndipo wanchito wa nthawiyo anali kulandila drakima imodzi kapena awili patsiku, so tikamba malipilo a zaka zopitilila 10. Anali ndi anzake omutumizila thandizo, anali ndi akapolo. Buledi ndi madzi anachita kusankha, ndipo kusankha buledi n'kosiyana ndi kusowa ndiwo. Amene agula pamela madzulo alionse sangauzidwe kuti vuto lake ndi maganizo.

Koma tikawelenga bwino, Epicurus sanakambe zimenezo. Chakudya, pogona ndi chitetezo anaziika pa zofunika, zimene popanda izo mtima sungakhazikike. Amene alibe izi safunika ulaliki, afunika unga. Choopsa ndi pamene mau a kukhutila achoka pakamwa polakwika. Madam amene sanalipile wanchito wa m'nyumba miyezi iwili, ndiye amuuza kuti "uzikhutila na vamene uli navo, benangu balibe na nchito," sakamba nzelu za ku Athens. Aphwanya pangano lija la kusapwetekana, ndipo afuna wopwetekedwayo akhale chete kuti iye agone bwino. Kukhutila ndi mankhwala omwa wekha. Ukayamba kumwetsa amene uli naye nkhongole, asanduka chiphe. Wanchito amene afunsa malipilo ake savuta munthu, afuna zake.

Chimodzimodzi si chongo chonse chimene chili cha mtundu umodzi. Ngwangwazi amene akuwa "Chelstone! Chelstone! Mmodzi chabe!" kuyambila 05 hours, mai wa tomato ku Soweto, mnyamata wa tamanga amene akutsatila ndi ma charger, onsewa apanga chongo cha njala yoyamba ija. Chili ndi pothela: basi ikadzala aleka, tomato ikatha apita kunyumba. Chimatopetsa, inde, koma ine sindichiika pamodzi ndi cha uja amene aimika motoka pa car wash, atsekula zitseko zonse zinayi, nakweza volume kuti a tsidya lina la msewu adziwe kuti wafika.

Palinso bodza lina limene limabisala m'mau akuti kusavuta ena. Usiku mumva mkazi wa pa next door amenyedwa, ana alila. M'mawa mupatsana moni ngati palibe chachitika, mumtima muti ine sindilowelela za eni. Uwo si mtendele, ndi mantha ovala jekete. Mkazi uja akauzidwa ndi achibale kuti apilile, asavute banja, amene atetezedwa ndi wovundula madzi. A m'Munda sanali anthu otseka pakamwa. Kuuzana zoona pakati pa mabwenzi kunali mbali ya maphunzilo awo, ndipo mmodzi wa otsatila ake a pambuyo, Philodemus, analemba buku lathunthu pa nkhani ya kudzudzulana mosabisa. Victim Support Unit ya apolisi ilipo chifukwa cha nkhani ngati izi, ndipo kupelekeza mnzako kumeneko sikusemphana ndi mau a nambala 79.

Pamene ine ndisiyana naye mdalayu ndi pa langizo lake lina lotchuka, lakuti munthu akhale mosadziwika, atalikile ndale ndi za mzinda. Plutarch, patapita zaka zoposa 300, analemba nkhani yonse yotsutsa langizoli, ndipo anamunyoza kuti amene auza anzake kubisala iye mwini anafuna kutchuka nalo. Mwina ku Athens mpanda unali kukwanila. Koma ku Kanyama mvula ikagwa madzi safunsa ngati mtima wako wakhazikika, alowa m'nyumba. Ngalande, zinyalala ndi kolela zifuna anthu opita ku miting'i ndi kukamba mokweza. Mtima wosavunduka ungakuthandize kukamba popanda kutukwana, koma kukamba kuyenela kukhalapo.

Ena amasokoneza Epicurus ndi mdala wina, Diogenes wa ku Sinope, uja anali kugona mu mtsuko waukulu wadothi. Za iye ikambidwa nkhani yakuti Alexander, mfumu yachinyamata imene inali pafupi kugonjetsa maiko, anamupeza ku Corinth akuothela dzuwa namufunsa chimene afuna, ndipo iye anapempha chabe kuti mfumuyo isunthe chifukwa inali kumutchinga dzuwa. Nkhani yokoma, ndipo ionetsa bwino kuti wopatsa nayenso angakhale wosokoneza. Koma Diogenes mwini anali chongo choyenda. Anali kunyoza anthu pa msika, kuchita zamanyazi poyela, mpaka anamutcha galu. Umphawi wake unali kufuna openyelela monga mmene chuma cha ena chifunila. Timawadziwa ndi kuno: uja amene sangamwe madzi osakuuzani kuti iye samwa zoziziritsa, amene kudzichepetsa kwake kumveka mpaka ku road. M'mau aja a ku Vatican muli ndi chenjezo lakuti kudzimana nakonso kuli ndi malile, ndipo wopitilila malilewo walakwa mofanana ndi womwaza.

A tchalitchi mungafunse ngati si zachikunja izi. Mu Machitidwe 17, Paulo ali ku Athens, ena mwa amene anatsutsana naye anali otsatila a Epicurus, ndipo pa nkhani ya Mulungu ndi kuuka kwa akufa sanagwilizane ngakhale pang'ono. Epicurus anali kuphunzitsa kuti imfa ndi mapeto. Koma pa nkhani yathuyi ayandikana modabwitsa. Mu 1 Timoteo 6 muli za kukhutila ndi chakudya ndi zovala, ndipo mu 1 Atesalonika 4 muli za kukhala mwabata, kusamala zako ndi kugwila nchito ndi manja ako. Ndikamba izi mwaulemu kwa abale a overnight amene maspika awo ayang'ana kunja m'malo mwa mkati, pamene nesi wa pa nyumba yachitatu ayenela kuuka 04:30.

Chiphunzitso chimayesedwa pa bedi la matenda. Epicurus anamwalila mu 270 BC ali ndi zaka za m'ma 70, atadwala masiku 14 ndi mwala umene unatseka njila ya mkodzo. Amene anaonapo wodwala matendawa adziwa kuti munthu amakwawa pansi. Pa tsiku lomaliza analembela kalata mnzake Idomeneus. Sanabise ululu, anati wafika posapitilila. Koma anati kukumbukila makambilano amene anali kucheza ndi anzake kunali kumupatsa chimwemwe cholimbana nawo ululuwo. Ndipo pempho lake m'kalatayo silinali la iye mwini. Anapempha kuti asamalile ana a Metrodorus, mnzake wapamtima amene anamwalila zaka 7 m'mbuyomo.

Ndiye pali will yake, imene Diogenes Laertius anaikopela yonse. Kuno tidziwa zimene zimachitika maliro akatha: achibale amene sanabwele ku chipatala afika ndi Canter, mkazi wamasiye atsala ndi mphasa. Lamulo lilipo, Intestate Succession Act ya 1989, limene ligawa chuma cha womwalila wopanda will kuti 50 peresenti ipite kwa ana, 20 kwa mkazi kapena mwamuna wotsala, 20 kwa makolo ndi 10 kwa ena amene anali kudalila womwalilayo. Koma mabanja ambili amafika ku khoti atatukwanana kale, chifukwa mwini chuma anaopa kulemba, ati kulemba will ndi kuitana imfa. Epicurus, amene sanali kuopa imfa, anakhala pansi nalemba zonse. Analibe mkazi kapena ana. Amene anafuna kuti atsogolele sukulu, Hermarchus, anali wa ku Mytilene, ndipo mlendo sanali kuloledwa kukhala ndi malo ku Athens. So chumacho anachilemba m'maina a nzika ziwili za mzindawo, Amynomachus ndi Timocrates, ndi lamulo lakuti munda ukhale wa Hermarchus ndi ophunzila, ndi odzabwela pambuyo pawo. Mabuku onse anapatsa Hermarchus. Analamula kuti mwana wamwamuna wa Metrodorus asamalidwe, ndipo wamkazi akadzakula apatsidwe chuma cholowela nacho m'banja. Akapolo anayi anawamasula, pakati pawo Mys, amene anali kuphunzila naye limodzi, ndi mkazi mmodzi dzina lake Phaedrium. Anaikanso ndalama yakuti pa 20 mwezi uliwonse a m'Munda azisonkhana kukumbukila iye ndi Metrodorus.

Mu 79 BC, patapita zaka pafupifupi 200, Cicero wa ku Rome anapita ku Athens kukaphunzila. Anapeza otsatila a Epicurus akali kuphunzitsa, nakhala pansi kumvela awili a iwo, Zeno wa ku Sidon ndi Phaedrus.